Chindoko cha ku Sitolo ya Phoso

Ana anga, ndi inu zidzukulu zanga, cholembera ichi chikundilemera kuposa khasu. Kulemba ndinaphunzira imvi zitayamba kale, kusukulu ya kwacha, ndiye mukapeza chilembo china chagona chammbali, chidzutseni nokha, musandiseke. Inu mumandidziwa ngati gogo woimba, woimba posesa, woimba potsuka mbale, woimba ngakhale pamzere wa kuchigayo. N'zoona, pakhosi panga sipanakalambe. Yakalamba ndi miyendo, ndipo lero ndikufuna mudziwe kumene inakalambira. Za ubwana wanga ndazisiya, n'zofanana ndi za wina aliyense wa kwa Lukwa kuno. Ndiyambira pa tsache.

CHAKA CHIMENE ANAMWALIRA BAMBO ANU

Maliro atatha, mitu titameta, ndinatsala ndi inu ana ndi munda wotopa. Pachipatala chaching'ono cha kwathu kuno ankafuna munthu wosesa ndi kuchapa nsalu za amayi obereka. Ananditenga ine chifukwa anzanga ankaopa magazi. Bwana wanga woyamba anali a Chisale, a medikolo, munthu wamtali wosaseka, amene m'mawa uliwonse ankayendetsa chala pazenera kufuna fumbi. Akalipeza sankakalipa ayi, ankangondionetsa chalacho, ine n'kubwerera ndi kansanza kanga. Sopo ankatha, tichape ndi phulusa. Magolovesi ankatha, tivale majumbo a shuga m'manja. Kutha, kutha, kutha, imeneyo ndiyo inali nyimbo ya pamenepo, ndipo onse tinkaivomera.

Tsiku la sikelo ya amayi oyembekezera, amayi ankakhala pakhonde ali ndwii, ngati abwera kumlandu. Anamwino akuphunzitsa, iwo akuwerenga zala zakumapazi. Tsiku lina ndikusesa kumbuyo kwawo, nyimbo inangondituluka yokha.

Wapakati iwe, dzuka, dzuka,
kusikelo sikutali,
ali m'katiyo sayankhula,
kamuyankhulire ndiwe.

Amayi anadzutsa mitu, manja anayamba kulira, khonde lonse linavomera. A Chisale anatuluka mu ofesi, ine mumtima ndinati basi, ntchito yathera pano. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Namwale, tsiku la sikelo tsache uziliimika kaye pakhoma. Uziyamba ndiwe, anamwino azibwera pambuyo." Malipiro sanakwere, koma kuyambira tsiku limenelo ndinali ndi ntchito ziwiri.

Panali yachitatu, yopanda nyimbo. Mwana akabadwa atafa kale, mwambo wathu mukuudziwa, abambo sapita. Timapita amayi tokhatokha kudambo, mwakachetechete. Amayi a m'midzi muno ali ndi abale owanyamulira. Koma akazi a matenanti, aja amabwera ndi malole kuchokera ku Phalombe, ku Mulanje, ku Dedza kudzalima fodya m'maesiteti, analibe mbale kuno. Ndiye ndinkanyamula ndine. Tinthu topepuka, kamimba kotupa, khungu losupuka m'manja ndi kumapazi ngati lapsa ndi madzi otentha. Ena ankati ndi tsempho, mwamuna wayenda kunja mkazi ali ndi pakati. Ena ankati ndi mankhwala opopera fodya. Ena ankaloza apongozi kumudzi. Ine ndinkangonyamula.

CHAKA CHIMENE MZIME WANGA ANAYAMBA SUKULU

Kunabwera galimoto yoyera, munatsika mayi wamfupi wamagalasi, atavala nsapato zachimuna. Amenewa ndiwo a Dokotala Mhango, bwana wanga wachiwiri. Sanali dokotala wokhala m'chipinda kudikira odwala. Anali wa kafukufuku, wofufuza matenda opatsirana, makamaka aja opatsirana pogonana. Funso lawo linali lomwe lija ndinkabwera nalo kuchokera kudambo: ana a matenanti akuferanji m'mimba, ndipo mayi akathandizidwa msanga, mwana angapulumuke? Anandipeza ndikuimbitsa pakhonde, anadikira mpaka nditamaliza.

"Amayi, mumatha kuwerenga?"

"Dzina langa lokha, likalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu."

"Nanga kuyenda?"

"Kumeneko ndiye ndinakhoza mayeso."

"Kusunga chinsinsi?"

"Apo a Dokotala mwafunsa munthu wolongolola."

Anavula magalasi n'kuseka. "Wolongololayo ndi amene ndikumufuna. Munthu wachete akalowa m'nyumba ya mwini, anthu amafunsana kuti wadzatani. Inu palibe adzafunse."

Anandikhazika pansi n'kundiphunzitsa za chindoko ngati mwana wa sitandade wani. Akuti chimayamba ndi kachilonda kosapweteka kumalo obisika, kamapola kokha, munthu n'kumati ndachira. Pomwepo matenda alowa m'magazi, akhala phee. Mayi ali bwinobwino, akulima, akutunga madzi, koma mwana m'mimba akudyeka. Anandionetsa mmene amayezera. Magazi m'kabotolo, kabotolo pamakina ozungulira mpaka madzi achikasu akwere pamwamba, kadontho ka madziwo pakhadi loyera, kusakaniza ndi mankhwala akuda, n'kumagwedeza pang'onopang'ono ngati ukupeta. Munthu akakhala bwino, kadontho kamakhala kosalala. Akakhala ndi matenda, mumatuluka timibulu takuda ngati njere za fodya. Iwo ankasungunula madzi aja mobwerezabwereza kuti aone ngati matenda ali ndi mphamvu kapena akuzilala. Mankhwala ake ndi jakisoni woyera, wolemera ngati phala la mwana, wa m'thako, katatu, sabata ndi sabata. Mwamunanso abayidwe, apo ayi mwathira madzi m'dengu.

Pa zinthu zina anali ofewa, nthawi yoyambira ntchito sankaiyang'ana kwenikweni. Koma pa malamulo awo anali mwala. Munthu sabayidwa asanamve zonse n'kuvomera yekha. Dzina la wodwala silituluka pakamwa, ngakhale kwa m'busa. Ndipo bodza ayi, ngakhale bodza lothandiza. Limeneli ndinkaliona lachabe, mpaka tsiku limene linandigwira mwendo.

Ntchito yanga inali kutsatira. Mayi akabayidwa koyamba, ndikamukumbutse kachiwiri ndi kachitatu, ndipo ndikamunyengerere mwamuna. Galimoto tinkaisiya kumsewu waukulu, chifukwa galimoto yoyera ikaima pakhomo pa munthu, mzere wonse wa nyumba za matenanti wadziwa. Ndiye ine pansi, ndi dengu langa la tomato pamutu, kulowa m'minda, kulowa m'zigafa momwe amayanika fodya, ndikuimba, ndikuseka ndi aliyense, kenako kumunong'oneza mmodzi yekha. Ndinayenda ine, ana anga. Ndinayenda mumchenga wa chilimwe wotentha ngati chiwaya, ndinayenda m'matope a dzinja ofika m'mawondo. Amuna ena akandiona ankathawira m'fodya, mwamuna wandevu zake kugwada pansi pa masamba kuopa singano. Ndinkaima pamzere n'kumaimba dzina la kwawo mpaka atuluke ndi manyazi. Mafuta a galimoto ankatha. Makhadi oyezera ankatha. Jakisoni uja ndiye ankasowa dziko lonse, a Dokotala n'kumakhala pafoni tsiku lathunthu, kupempha uku, kupempha uku, mawu mpaka kusasa. Ana awo ankaleredwa ndi mng'ono wawo ku Lilongwe. Ndinawaonapo atagona chokhala m'galimoto masana, magalasi ali pamphumi, chimanga chootcha chili m'manja chosamaliza.

DZINJA LA CHAKA CHACHITATU CHA KAFUKUFUKU

Chakumbali kwa Lisasadzi kunali esiteti ina, dzina ndalisiya dala. Mwini wake ankakhala m'tauni, zonse zinali m'manja mwa kapitawo. Makiyi a geti anali naye, makiyi a sitolo ya phoso anali naye. Phoso ndi chimanga chimene matenanti amalandira kuti adye podikira fodya agulitsidwe, ndipo ndowa yake simafika tsiku lolandiranso. Kapitawo ameneyu anali Yotamu Banda, mwana wa atsibweni anga, msuweni wanga weniweni. Inu a masiku ano chisuweni mukuchiiwala. Msuweni ndi munthu amene ungamutukwane pagulu anthu n'kumaseka, ungamulande nkhuku, ungamutche mwamuna wako mkazi wake ali pomwepo, palibe mlandu. Ine ndi Yotamu tinakula chomwecho. Chifukwa cha chisuwenicho, esiteti imeneyo ndi imene tinkalowa mosavuta kuposa ena onse.

Pamenepo panali Esinati, mtsikana wa ku Phalombe, woonda, wamaso aakulu, mkazi wa tenanti wina wofatsa dzina lake Layisoni. Anali ndi mwana mmodzi wamoyo, woyamba. Awiri otsatira anabadwa atafa, ndipo wachiwiriyo ndinanyamula ndine. Tsopano anali ndi pakati pena. Tinamuyeza nthawi yowokera fodya, njere zakuda zinatuluka. Anabayitsa katatu osajomba, Layisoni nayenso katatu, akutsimphina koma osadandaula. Ine ndinavina panjira pobwerera. Ndinati uyu yekha sindinyamula.

Itafika nthawi yothyola fodya, njala ili pachimake, a Dokotala anayezanso magazi monga mwa kafukufuku wawo. Anandiitana m'kachipinda kawo, khadi lili patebulo.

"Mayi Mwale, onani. Matenda a Esinati anatsika, tsopano akweranso. Si iye yekha, alipo enanso pa esiteti yomweyo. Amuna awo ndawayeza, magazi awo ali bwino. Kwina konse tikabaya banja, zimatha. Apa pokha zikubwerera." Anapukuta magalasi ndi chitenje. "Pali munthu wina amene sitinamubaye."

Ndinamupeza Esinati m'chigafa, atakhala pansi akusoka masamba a fodya, manja akuda bii ndi utomoni. Ndinakhala pambali pake, ndinatenga singano ina, tinasoka limodzi. Kenako ndinamuuza za magazi. Sanadabwe. Anasoka tsamba lina, ndi lina, ndiye anayankhula osandiyang'ana.

"Phoso limatha sabata isanathe, amayi. Mwana amalira. Ukapita kusitolo kukapempha, amati lowa m'kati udzasankhe wekha thumba."

"Ndani?"

"Mukufunsa ngati pali makiyi awiri."

Ana anga, singano inandigwa. Mwana wa atsibweni anga, amene tinkadya naye m'mbale imodzi.

"Musanditchule," anatero Esinati. "Akadziwa kuti ndanena, atithamangitsa fodya asanagulitsidwe, chaka chonse tagwira pachabe. Layisoni akadziwa, sindidziwa chimene angachite. Koma amayi, uyu ndikumufuna wamoyo. Akugunda. Enawo pofika pano anali atasiya."

Ndinabwerera kwa a Dokotala ndi nzeru yanga yokonzakonza panjira. Jakisoni anali atatsala wochepa m'bokosi, ndipo tonse tinkadziwa kuti tikamubayanso Esinati, iye n'kubwereranso kusitolo, mwanayo tamutaya. Ndinati, "Yotamu ndimamudziwa. Timuuze kuti kwabwera jakisoni wa mphamvu za abambo, wa akuluakulu okhaokha. Abwera yekha akuthamanga, thalauzi ali m'manja."

Sanaseke. "Ayi."

"A Dokotala, ndi bodza la mwana wosabadwa."

"Ndikudziwa. Koma tikamubaya monama, sadziwa chimene anali nacho, mkazi wake sabayidwa, ndipo mwezi wamawa atenganso. Komanso tsiku limene zidzamveke kuti tinanamiza munthu ndi singano, palibe mayi adzatambasulenso mkono wake m'Kasungu muno. Ine ndimaganiza zopita kwa mwini esiteti. Chimene akuchitacho ndi nkhanza, si matenda okha."

"Mwini esiteti aimbira foni Yotamu yemweyo. Pofika mawa, mabanja onse a amayi apakati ali pamsewu ndi akatundu awo."

Anagwira mutu ndi manja onse awiri. "Ndiye sindikudziwa, Mayi Mwale. Kusukulu sanatiphunzitse zimenezi." Kenako anati, "Wina ayenera kumuuza zoona pamaso, osatchula munthu. Ine sangandimvere. Inu sindikutumani, ndi m'bale wanu, ndipo mukakana sindidzakuonani moipa. Komanso osapita Esinati asanalole."

Esinati analola, ndi mawu omwe aja, musanditchule. Kwatsala ine. Ndinayenda nayo nkhaniyo masiku angapo, kumunda nayo, kutchalitchi nayo. Ndikapita, Yotamu akhoza kutseka geti, amayi enawo n'kusowa wowatsatira. Ndikakhala, ndikudziwa kale njira ya kudambo. Nyimbo zinandithawa sabata imeneyo, mpaka mmodzi wa inu anandifunsa ngati ndikudwala.

TSIKU LA PHOSO

Ndinafika masana, anthu atalandira kale n'kubalalika. Yotamu anali pakhomo pa sitolo, atakhala pathumba, akutafuna mtedza wokazinga, makiyi akulendewera palamba.

"Wabwera mkazi wanga wopanda mano. Lero ugona konkuno?"

"Ndigone ndi iwe, chimimba ngati belo la fodya wonyowa? Anthu adzandipeza nditaphwanyika."

"Belo limeneli ena akulilirira."

"Iwe Yotamu, uli ndi chindoko iwe. Wawola kunsiku."

Anaseka mpaka mtedza unamutsamwa, akudzimenya pachifuwa. "Chindoko chimenecho unandipatsa ndiwe tili ana. Bwera udzatenge chako."

Apo ndi pamene ndinaona kuti ndalakwitsa njira. Ndinkaganiza kuti chisuweni chinditsegulira khomo, poti msuweni amanena chilichonse. Inde amanena chilichonse, koma chifukwa choti palibe chimene chimawerengedwa. Ndikanatha kumuuza zoona mpaka dzuwa kulowa, iye akungoseka. Ndiye ndinatula dengu langa, ndinakonza chitenje, ndinagwada pansi pafumbi monga ndimagwadira apongozi.

"A Banda, ndabwera ndi mawu."

"Dzuka iwe, anthu akuona. Wapenga?"

"Sindikuseka, a Banda. Magazi anu sitinayeze, ndiye sindinganene kuti ndikudziwa. Koma pa esiteti ino tikubaya amayi, tikubaya amuna awo, matenda akubwerera. Njira imene akubwererayo mukuidziwa ndinu. Ndabwera kudzakupemphani kuti mukayezetse, mukabayitse, inu ndi akunyumba. Ndiponso amayi akabwera kudzapempha chimanga, azithera pakhomo pano."

Nkhope yake inasintha, mtedza anauponya pansi. "Wanena ndani?"

"Dzina simulimva kwa ine."

"Ndikuti wanena ndani? Ndiwasonkhanitsa onse pano, aloze okha."

"Asonkhanitseni, ine ndidzaima pakati pawo ndi kunena mokweza zimene ndikunena motsitsa panozi. Chimene mumachita kuseri kwa matumbawo si chibwenzi, a Banda. Mayi amene mwana wake wagona ndi njala sanakuvomereni, wangogonja." Ndinapitiriza. "Mwana wa a Natembo, akazi anu, wa chaka chatha uja, inu simunamuone, mwambo sulola. Ndinanyamula ndine. Ndinamutsegula m'manja. Anali chimodzimodzi ndi a matenanti."

Anaimirira. Ndinkaganiza kuti andimenya, ndipo ndinali nditakonzeka. Anayang'ana kumbali, kuminda. Kenako anayankhula mwaulemu umene sanandipatsepo chibadwire.

"Mayi Mwale, nyamulani dengu lanu. Pa geti pano ndisadzakuoneninso, inu ndi galimoto yanu."

Geti anatsekadi. Esinati ndinkakumana naye pamjigo wa kunja kwa esiteti, n'kupita naye kuseri kwa golosale kumsewu kumene a Dokotala ankadikira ndi galimoto. Anabayitsanso katatu. Amayi ena aja, ena tinawapeza mwa njira yomweyo, koma mmodzi anachita mantha, sanatulukenso. Itakwana nthawi yake, ananditumizira mawu. Ndinapita ndi kansalu kanga, anandipatsira kunja kwa geti, ndinanyamula. Pobwerera ndinawafunsa a Dokotala ngati tikanachita bwino kungokhala chete. Anati, "Sindikudziwa, Mayi Mwale," ndipo sanandinamize kuti ndipepukidwe. Mpaka lero funsolo ndimagona nalo.

Ngati Yotamu anayezetsa, a Dokotala sanandiuze, ine sindinafunse. Koma tsiku lina pamsika ndinamuona akupalasa njinga atakhalira thako limodzi, nkhope atakwinya, a Natembo ali pakaliyala nawonso atakhala chopendekeka. Ana anga, nthabwala zimene zinandidzadza m'kamwa tsiku limenelo zikanandikwanira chaka. Ndinazimeza zonse. Anandiona, anatsika panjinga, anati, "Mwaswera bwanji, Mayi Mwale?" Ndinati, "Ndaswera bwino, kaya inu a Banda." Basi. Tinakhala tikupatsana moni umenewo mpaka tsiku limene anamwalira. Sanalangidwe ndi wina aliyense, ndipo sindikulemba pano kuti anasanduka munthu wabwino, chifukwa zimene zinkachitika zaka zotsatira ndi matenanti ena sindinazione.

Chimene ndikudziwa ndi ichi. Chaka chimenecho anasiya kuitanira amayi m'kati mwa sitolo, koma anasiyanso kupereka kanthu kapadera, ndipo ndowa ya phoso anayamba kuisalaza pamwamba ndi thabwa. Ndinamupeza Esinati pamjigo, masaya atalowa, mimba yokha ili patsogolo.

"Mwandichiritsa, amayi, zikomo," anatero. "Tsopano mwana wangayu adye jakisoni?"

Ndinkamutengera maungu a m'munda mwanga, nthawi zina kaufa, a Dokotala nawo ankaika nyemba m'dengu langa osanena kanthu. Sizinkakwana. Anafika pokolola chimanga cha m'mphepete mwa munda akudya kamodzi patsiku.

MWEZI WOZIZIRA, NDI PAMBUYO PAKE

Kafukufuku uja anatha patapita chaka china. A Dokotala anabwerera ku Lilongwe kukalemba zimene anapeza, akuti zinawerengedwa ndi anthu akuluakulu. Ine ndinabwerera ku tsache langa ndi nyimbo za sikelo mpaka mawondo atakana. Ndikumva kuti masiku ano mayi wapakati amangomubaya pachala, yankho pompo. Ndimakondwera, ndimaombera m'manja. Koma mankhwala akuti amathabe, ndipo malole akubwerabe ndi anthu.

Za Esinati ndasungira kumapeto. Anachira mwezi wozizira, nthawi yosankha fodya, pachipatala pathu pomwe. Mwana wamkazi, wamng'ono ngati botolo. A Dokotala anabwera ndi galimoto yopanda mafuta okwanira kubwerera. Anamutenga mwanayo, anamutsegula dzanja ili, khungu losalala. Dzanja linalo, losalala. Kumapazi, kumphuno, pamimba, akuyang'ana pang'onopang'ono, ine nditaima kumbuyo kwawo ndagwira tsache ngati ndodo. Anamubweza kwa mayi ake n'kunena kuti, "Pakadali pano ali bwino. Adzayezedwenso akakwanitsa miyezi itatu." Anatuluka panja, anakakhala pakhonde okha, magalasi ali m'manja.

Miyezi itatuyo sinakwane. Fodya anagulitsidwa, lole inabwera kudzatenga matenanti kubwerera nawo kwawo. Pa geti sindikanalowa, ndiye ndinakadikira kumsewu waukulu, pomwe lole imaima kuti amange bwino katundu. Ndinawapeza pamwamba, pakati pa mphasa, mapoto ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Layisoni anandigwedezera dzanja, iye za kusitolo zija anali asakuzidziwabe. Esinati anali atakhala pathumba, maso ofiira, akumugwedeza mwana kumsana. Ndinamukumbutsa zokayezetsa kwawo, anavomera ndi mutu mwa njira imene munthu amavomerera kuti umusiye. Kuchokera tsiku limenelo sindinamuonenso, ndipo ngati anapita kukayezetsa sindikudziwa.

"Mwana ali bwanji?" ndinafunsa nditagwira chitsulo cha lole.

"Wovuta," anatero. "Akungolira. Kuyamwa, kulira, kuyamwa, kulira. Ine tulo sindikutidziwa. Mutu ukundiwawa, amayi."

Dalaivala analiza injini. Mwana uja anadzidzimuka, anatsegula kukamwa, analira mokweza mpaka nkhuku zinayamba kupupuma, amayi ena palolepo n'kumadandaula kuti amutontholetse. Esinati anayamba kumasula chitenje kuti amuyamwitse. Ine ndinali ndikuyenda m'mbali mwa lole, miyendo yanga yotopayi ikuyesa kuthamanga.

"Musiye pang'ono," ndinatero. "Musiye ndimumve."

Anandiyang'ana, dzanja lili pamfundo ya chitenje. Ndipo anamusiya.